Amene wakhala pansi wavula bibu

"Aneba, kodi mtsikana wanu uja akutsimphina chiyani?"

Anandifunsa choncho mayi a nyumba yoyandikana nafe ku Ndirande kuno, tili pamzere wa pampopi. Ine ndinaseka. Ndinati mwana wanga watuluka m'mawa womwewu akuyenda bwinobwino, chikwama kumsana.

"Pamaso panu, eya," anatero. "Mudzamuone akakhota pagolosale paja."

Tsiku lonselo mtima sunakhale m'malo.

Mwana wangayo anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ankasewera mpira wamanja m'timu ya atsikana ya m'dera lathu. Kochi wawo woyamba anali mayi wina wogulitsa kaunjika, munthu wofatsa. Asanagwire mpira ankawakhazika pansi n'kuwafunsa amene sanadye ndi amene akumva kupweteka penapake. Aliyense ankalowa m'bwalo, ngakhale wogwetsa mpira. Timu inkagonja kawirikawiri. Ndisaname, ine ndinali m'gulu la makolo onena kuti mayiwa akulera ana, sakuphunzitsa mpira.

Iwo atasamukira ku Machinjiri, kunabwera bambo wina wa wezulo m'khosi. Lamulo lawo linali limodzi: amene wakhala pansi nthawi yokonzekera wavula bibu, kamalaya kosonyeza malo ake m'timu, ndipo bibu ikapita kwa mnzako sibwerera. Timu inayamba kuwina. Tinaomba m'manja, ine ndemwe.

Tsiku la pampopi lija, mwana wanga atabwera kuchokera kusukulu ndinamukhazika pamkeka n'kumuvula sokosi. Pakakolo panali potupa, pakuda.

"Zachitika liti izi?"

"Loweruka lija, mami. Ndinatera pamwala."

Tsikulo linali Lachinayi.

"Ndiye osanena?"

"Mukanandiletsa kupita. Bibu yanga pali atsikana awiri akuidikira."

Mawa lake ndinapita kubwalo, mwana wanga wamng'ono ali kumbuyo. Ndinadikira mpaka wezulo italira.

"Akochi, pepani, mwana wanga wabinya phazi."

Sanachotse maso pa atsikana. "Mayi, kubinya ndi chakudya cha osewera. Kamuthoweni. Loweruka la sabata ya mawa kukubwera anthu odzasankha atsikana opita ku timu yaikulu. Akasowa, musadzanene ine."

Ndinachita zomwe timachita tonse munthu akabinya. Madzi otentha, kansalu, kuthowa m'mawa ndi madzulo, kenako kukoka phazi kuti mitsempha ibwerere m'malo. Ankaluma chitenje changa osatulutsa mawu. Ndikati usapitenso, ankalira kuposa pothowa paja. Ndikamulola, ndinkangogwetsa tomato pabenchi yanga yogulitsira, maso ali kunjira. Kutupa sikunatsike. Ndinkadziuza kuti Loweruka likangodutsa tipita kuchipatala, ndi masiku ochepa chabe.

Loweruka linafika. Ndinamumanga phazi ndi mpango, nsapato inachita kukankhidwa. Ndinaima kumapeto kwa bwalo. Anthu osankha aja anakhala pamipando ndi makope awo. Anathamanga ndithu mwana wanga, anawakha mipira itatu, azimayi akukuwa. Wachinayi anaulumphira, anatera phazi lomwelo, ndipo sanadzukenso.

Akochi anafika ine ndisanafike. Phazi sanaliyang'ane. Anangotambasula dzanja, ndipo mwanayo anavula yekha bibu ali gone pafumbi.

Kuchipatala atajambula anati fupa linali litang'aluka kuyambira tsiku loyamba lija.

"Mumamuchita chiyani kunyumba?" anafunsa adokotala.

"Ndimamuthowa, adokotala. Ndi kukoka pang'ono."

Anapitiriza kulemba. Anati kukokako ndi kuthamangirapo ndi zomwe zalisuntha fupa.

Aneba aja amati ndikawadandaule akochi. Ndikanenanji, poti kansalu kanali m'manja mwanga? Timu ikuwinabe, makolo akuombabe m'manja.

Chikhakha anakhala nacho masabata asanu ndi atatu. Mayeso a teremu imeneyo sanalembe, ndipo anabwereza Sitandade 6. Atsikana anayi anatengedwa tsiku lija, iye panalibe. Phazi limapinda theka, ndipo mpira sasewera.