A Kunyumba Yatsopano

Chaka chimene anatikumbira mjigo kumudzi kwathu, kufupi ndi Magaleta, ine ndinali mphunzitsi komanso mlembi wa komiti ya madzi. Mkulu wa okumbawo anali mmwenye wochepa thupi, wakuda ngati ife tomwe, moti amayi ena ankatsutsa zoti ndi mmwenye. Ankati kwawo n'kum'mwera kwenikweni kwa India. Chichewa ankachithyolathyola, koma tinkamvana.

Tsiku lothira simenti, akomiti anandituma kukafunsa dzina lake kuti tililembe pamjigopo simenti isanaume. Anandilembera pakatoni. Dzina la banja lokha linali lalitali, ndinaliyesa katatu lilime likukana.

"Musavutike aphunzitsi," anatero akuseka. "Tanthauzo lake ndi lakuti a kunyumba yatsopano."

Anandifotokozera kuti kwawoko mabanja ambiri amadziwika ndi dzina la nyumba. Munthu akachoka pa makolo n'kukamanga yake, anthu ankangoti awo a kunyumba yatsopano, dzinalo n'kukanirira mpaka kwa zidzukulu.

"Ndiye onse a dzinali ndi abale anu?"

"Ayi. Mudzi uliwonse unali ndi wina amene anamanga nyumba yatsopano. Tilipo ambirimbiri osadziwana. Yathuyo inagwa bambo anga asanabadwe."

Zolemba dzina lake pasimenti anakana, akuti madzi ndi athu. Kenako anandifunsa kuti, "Nanga lanu limatanthauza chiyani?"

Ndinali bambo wa ana anayi, dzinalo ndinkalisayina tsiku ndi tsiku kusukulu, koma ndinangoyankha kuti ndi la bambo anga basi. Iye sanafunsenso. Ine manyazi anandigwira.

Loweruka ndinapalasa njinga kupita ku Lisungwi kwa azakhali anga, amene anatsala okha mwa abale a bambo. Ndinawapeza akusankha nandolo. Ndinawafunsa za dzina lathu.

"Dzinali si lathu," anatero. "Agogo ako anachokera ku Mozambique, kuthawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Bambo wina wa kumapiri kwanuko anawasunga. Akalembera a boma atabwera, bamboyo anati uyu ndi mwana wanga, n'kuwapatsa dzina lake."

"Nanga lawo lenileni linali ndani, azakhali?"

"Sanatiuze. Ankaopa kuti angawabweze. Mpaka kumwalira ankaopabe."

Pobwerera njinga ndinkangoikankha ngakhale potsetsereka. Sindinakwiye, koma ndinkamva ngati ndavala malaya a mwini kwa zaka zonsezi osadziwa. Ndinkafuna kukamuuza mmwenye uja, koma ndinapeza atapakira kale makina awo kupita kudera lina.

Patapita miyezi ndinayamba kufunsafunsa za banja la bambo amene anasunga agogo. Anandilozera kwa mdzukulu wawo, mkulu wolima mbatatesi kuseri kwa phiri. Ndinamufotokozera zonse titakhala pamzere wa m'munda mwake. Nkhaniyi anali asanaimvepo. Anapukuta manja pabuluku, n'kundiyang'anitsitsa.

"Ngati agogo anati ndi mwana wawo, ine ndingatsutse bwanji? Ndinu achimwene basi."

Anaitana mkazi wake kuti adzandipatse moni. Chaka chatha mwana wake wamkazi akukwatiwa, ananditumizira uthenga kuti ndikakhale kumbali ya eni mwana, ndipo ndinapita ndi banja langa lonse.