Mapaipi a Pansi pa Simenti kwa a Shaba

Loweruka ndinakwera basi ya ku Euthini kukaona chimene anthu pano pa boma akhala akukamba chiyambire chisanu chino. Ati kuli nyumba yofunda pansi.

Ndi zoona. Mwini wake ndi a Shaba, amene ndinaphunzira nawo kusukulu ya mishoni asanapite ku Joni. Kumeneko anagwira ntchito yoika mapaipi m'nyumba za azungu, ndipo luso anabwera nalo. Pomanga yawo anayala mapaipi pansi n'kuthira simenti pamwamba. Kumunsi kwa nyumba anakhazika mgolo pamafuwa. Akasonkha moto, madzi otentha amakwera okha, n'kuzungulira zipinda, n'kubwerera mumgolo.

"Vulani nsapato, achimwene," anatero titangolowa pabalaza. "Pondani. Mbwenu mundiuze ngati bwanamkubwa wa pa boma, a Disi, ali nazo zotere."

Ndinaponda. Simenti inali ngati thanthwe la mwezi wa Okutobala. Ndinayamikira, ndipo sindinaname.

Kenaka ndinamva chifuwa kuchipinda cha kumapeto. Anali bambo awo a Shaba, nkhalamba imene inatuluka m'chipatala mwezi wathawu. Ndinapita kukawalonjera ndili chosavala nsapato. Mapazi anga ndiwo anandiuza nkhani yonse. Pakhomo la balaza kufunda kunachepa. M'kanjira kunatheratu. M'chipinda cha nkhalamba munali ngati pansi pa mtsuko.

Ndinawapeza atadzikulunga m'bulangeti, atakhala pamphasa.

"Yewo, mwana wane," anatero. "Wabwera kudzaona moto wa mnzako? Uone bwino, udzandifotokozere. Kufunda kwake ine ndimangokumvera kwa alendo."

Vuto lake silifuna sukulu. Madzi ndi aulesi, amakonda njira yaifupi. Paipi ya pabalaza ndi yaifupi, choncho madzi ambiri amathamangira kumeneko. Ya kwa nkhalamba ndi yaitali, yokhotakhota, ndipo timadzi tochepa timene timalowamo timafika titazizira kale. Mankhwala ake ndi kupana pang'ono njira yaifupiyo kuti madzi akakamizike kulowa m'yaitali. Paipi iliyonse ili ndi kampopi kake pafupi ndi mgolo. Ndi ntchito ya zala ziwiri.

Ndinawauza a Shaba zimenezi, ndikuganiza kuti mwina aiwala.

"Mukundiphunzitsa ine?" anaseka. "Timipopito ndinaika ndekha. Koma ndikapana, pabalaza pakhala pofunda wambawamba. Munthu wachokera ku Edingeni panjinga kudzaponda pano, abwerere akunena kuti Shaba ngwabodza?"

"Nanga adada?"

"Adada anakulira kubusa. Chisanu anachizolowera chomene."

Anachizolowera! Chifuwa chija sichinamveke ngati cha munthu wozolowera.

Inu owerenga, musathamangire kuseka a Shaba. Iwo angoika pansi pa simenti chimene enafe timachita poyera. Lowani m'nyumba za ife akalaliki ndi aphunzitsi pano pa boma. Pabalaza pali mipando yovekedwa nsalu zoluka, wailesi, ndi kabati yodzaza makapu amene samwera munthu wa m'nyumbamo. Tsegulani chitseko chachiwiri. Denga likudontha, zenera latsekedwa ndi katoni, ana akulimbirana bulangeti limodzi. Nkhuku imafa akabwera mlendo. Wodwala wa pakhomo amamwa phala lopanda shuga.

Timati ndi ulemu kwa alendo. Ulemu wanji? Mlendo akhala pang'ono n'kumapita. Chimene tikufuna kwa iye ndi pakamwa pake, kuti akatitchule kumsika.

Ndipo amene amakhala kumapeto kwa paipi timawadziwa. Ndi aja sangathe kudandaula mokweza: okalamba, odwala, mwana wa malemu mlongo wathu. Ali pansi pa denga lomwelo, koma chilichonse chabwino chimawapeza chitazizira.

Nthawi ya basi itakwana ndinapita kukatsanzika nkhalamba ija. M'chipinda munalibe munthu. Ndinakawapeza kunja, kumunsi kwa nyumba, atakhala pachitsa pafupi ndi mgolo, mphepo ikuwomba bulangeti lawo, utsi ukuwatsokomoletsa. Ankasunthira zikuni pamoto ndi ndodo yawo. Timipopi tija tinali pomwepo, pofika dzanja lawo, koma sanatikhudze. Nyumba ndi ya mwana wawo.

"Pita bwino," anatero. "Ndisasiye moto. Akuti kukubwera alendo ena."

Nanga kwanu, wosonkha moto ndani, ndipo akugona chipinda chiti?