Utsi wa Pakhoma la Bamayo

Bamayo, amayi anga ondibala, atayamba kuiwala zinthu, nthawi yoopsa inali yamadzulo. Dzuwa likangofiira, ankamanga chitenge m'chiuno n'kunena kuti akupita kwawo. Kwawo kuti? Kumpoto uko, kumene anachoka ine ndisanabadwe! Ndipo kukomboni kwathu kuno ku Kanyama nthawi ya mvula mumakudziwa, madzi akadzaza, njira ndi dzenje sizisiyana. Tsiku lina tinawapeza ali m'madzi ofika m'mawondo, akufunsa njira ya kumunda. Kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhalenso pansi.

Ine ntchito yanga ndi yojambula pamakoma a mabala ndi masaluni. Ndinati, poti akufuna kumudzi, mudziwo ndiwabweretsere pompano. Ndinatenga penti yotsala n'kujambula pakhoma la chipinda chawo: thambo lofiira, mitengo yakuda bii, kanjira, nyumba yaudzu pakati. Kumudzi sindinagoneko n'kamodzi komwe, koma zithunzi zotere ndajambula zambirimbiri, ndipo oledzera amazitama.

Madzulo ndinawakhazika pampando. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, nkhope itamasuka. Ndinati basi, zatheka. Kenaka ndinaona manja awo akufunafuna chitenge.

"Bamayo, muyenda kuti futi?"

"Iwe, siuona? Kwada, koma panyumba palibe utsi. Kuli chachitika. Nifunika kuyenda."

Mayo ine! Mwana wokulira pa mbaula ndi malaiti, ndikanadziwa bwanji kuti kumudzi nyumba yopanda utsi madzulo ndiye kuti muli matenda, kapena eni ake anasamuka? Ndinali nditawajambulira tsoka ndi manja angawa. Mvula inali itayamba kugunda malata, iwo ali kale pachitseko, ndipo mphamvu zikawabwerera simungawagwire osawapweteka. Ndinachita mantha kwambiri.

"Yembekezani, bayasha moto manje manje!" ndinakuwa.

Ndinaviika chala mu penti yoyera n'kukoka kamzere kokhotakhota kuchokera padenga la nyumbayo kukwera kumwamba.

Anabwerera pang'onopang'ono n'kukhala pansi.

"Ehe. Baliko bamayo. Bazaniitana."

Ankanena amayi awo, amene anamwalira kalekale. Sindinawatsutse. Tinakhala choncho tikuyang'ana khoma mpaka mitengo ija inasowa mumdima. Kenaka anandigwira mkono mwaulemu, monga amachitira ndi alendo.

"Ba penta, mwasebenza bwino. Manje yendani kwanu, kwada. Bamayi banu bazavutika mtima."