Kadiso ka pakhoma la ofesi ku Kilimani

Ndili chaka chachiwiri ku koleji ya zamagetsi ku Nairobi, ndinkakhala ndi azakhali anga ku Kangemi. Iwo anali kalaliki pa ofesi ina ya mpingo ku Kilimani, ndipo mwezi wa Julayi ankapita kuntchito atavala majuzi awiri.

"Kodi mu ofesi mwanu muja mulibe hita?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Ilimo, mwana wanga, koma siyaka. Fundi wokonza zamagetsi anabwera, akuti kabokosi koyendetsa hitayo kanafa."

Loweruka m'mawa tinakwera limodzi minibasi, imene kumeneko amati matatu, kupita ku ofesiko. Kabokosiko kanali pakhoma, pafupi ndi shelufu ya mafayilo. Amishoni ena anachita kubwera nako kuchokera kwawo. Kanali ndi kadiso kagalasi. Kakaona kuwala kamadziwa kuti muli anthu, hita n'kutentha. Kukada kamatsitsa kutenthako kuti magetsi asapite pachabe. Nditakawalitsa ndi tochi kanalira kuti "thi", hita n'kuyamba kufunda.

Abusa oyang'anira ofesiyo, bambo achikulire a ku Dedza, anali ataima kumbuyo kwanga, manja ali m'jekete.

"Sikanafe, abusa," ndinatero. "Muno mwachita mdima ndi mitambo ya Julayi, ndiye iko kakuyesa ndi usiku."

"Inuyo mungakonze, chemwali?" anafunsa, akundiyang'ana mokayika.

Ndinatsegula chivindikiro. Mkati munali kasikulu kosinthira mphamvu ya kadisoko. Ndinakapotoza mpaka hita inayaka. Pambali panali kagudumu kena kosankhira kutentha kwa nthawi imene mulibe anthu. Ndinakaika poti kutenthako kuzitsika madigiri ochepa chabe, kuti m'mawa asamapeze chipinda chili zii.

Koma kasikulu kaja ndinali nditakapotoza mopitirira. Lamlungu dzuwa linatuluka, hita inatentha tsiku lonse mu ofesi mopanda munthu. Azakhali atandiuza ndinachita manyazi. Lolemba nditaweruka ndinabwererako, n'kukabweza pang'onopang'ono, abusa akuyatsa ndi kuzimitsa nyali ine ndikawauza. Tinayesa kambirimbiri mpaka kanayamba kumvera nyali zokha, osati kuwala kwa pazenera.

"Tayatsaninso," ndinatero komaliza. Kanalira.

Abusa anaseka, n'kundigwira chanza ndi manja awiri. "Ainjiniya, mutikhululukire, tinakupeputsani."

Sabata yomweyo azakhali anafotokozera aneba onse a pa ploti yathu, m'Chiswahili chawo chothyokathyoka, ndipo Loweruka lotsatira ndinapeza mawailesi atatu akufa akundidikira pakhomo.