Mbozi za m'munda wa malume ku Kandeu

Ndinanyamuka ku Blantyre m'mamawa, mvula ikuwaza, nditafungatira katoni ya timabotolo. Ntchito yanga ndi yofufuza chifukwa chimene mbozi za m'chimanga zasiyira kufa ndi mankhwala, ndipo imvi zandipeza ndili pomwepo. Ulendowu anandiitanira ndi malume anga a ku Kandeu. Pa foni anangoti, "Munda ukutha."

Minibasi itaima pa Nsipe, ndinagula chimanga chootcha. Mayi amene ndinakhala naye anasuzumira m'katoni muja.

"Mumagulitsa mankhwala?"

"Ayi mayi, ndikukatola mbozi."

"Mpaka kulipira minibasi? Tsikani pompano, kwathu tikupatsani zaulere!"

Anthu anaseka, koma mosakhalitsa. Aliyense anali ndi munda wake m'maganizo.

Pa boma ndinadya chipisi, n'kukwera kabaza ya njinga yamoto. Msewu unali matope okhaokha, malo ena ndinkatsika n'kuyenda pansi. Mbali zonse chimanga chinali chobookabooka masamba.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Malume ndinawapeza kumunda, sipuleya ili kumsana, alibe chophimba kukamwa. Chifuwa chimene anabwera nacho kumigodi ya ku Joni chinali chitakula. Anandiuza kuti apopera kangapo, ndipo tsopano akusakaniza mankhwala a mitundu iwiri. Ndinafunyulula nsonga ya phesi limodzi. Mbozi inali momwemo, yonenepa, ikudya.

"Anandigulitsa achinyengo eti?"

"Ayi malume, ndi enieni. Mbozi zofooka zinafa kale. Zatsalazi ndi zolimba, ndipo ana ake akubadwa olimba."

"Ndiye mwatitengera amphamvu?"

Ndinalibe. Ndinawapempha kuti asiye kupopera, tizitola ndi manja, ndipo chaka chamawa tidzasinthe mankhwala ndi kabzalidwe. Anayang'ana munda wonse mpaka kumalire. Kenako anawerama n'kuyamba kundithandiza kutola, akutsokomola.

Mawa lake anandiperekeza kumsewu, n'kundipatsa nkhwani woti ndikadyetse ana. "Mukaziyese bwino mbozizo, mwana wa mlongo wanga," anatero.

Kafukufuku amafuna zaka, pomwe mlimi ali ndi dzinja limodzi lokha. Zimenezi ndinkazidziwa kale, koma ndinali ndisanazionepo pa munthu wanga. Njinga itanyamuka ndinacheuka. Malume anali atabereka kale sipuleya, akulowera kumunda.