Mmene Kalekale Anaphera Apongozi Ake pa Tsamba 40

Kalekale anabadwa atacheukira kumbuyo, ndipo azamba amalumbira kuti mpaka lero khosi silinawongoke. Dzinali anamupatsa ndi anzake kusukulu, poti ngakhale ukamufunsa nthawi ankayamba ndi "kalekale". Anagwirako ukalaliki, n'kuusiya kuti azilemba mabuku a nkhani zopeka za makedzana: mafumu, mikondo, nkhondo zoopsa. Munthu wake woti akaona mphemvu amakwera pampando.

Buku lake loyamba linagulidwa ndi anthu asanu ndi awiri, kuphatikizapo mayi ake, amene anatenga awiri chifukwa mwendo wa tebulo unali waufupi. Ankalembera m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya apongozi ake aamuna, telala wopuma ntchito, pakati pa makina osokera akufa ndi matumba a zigamba. Iye ndi mkazi wake ankagonanso momwemo. Kwina analibe.

Vuto lake linali ili: zaka za nkhondo ankafufuza mpaka maso psuu, koma kupeka nkhope kunkamukanika. Ankangoba za anthu apakhomo. Ndiye m'buku lachisanu, nduna yachiwembu yogulitsa mfumu yake inatuluka ndi dazi, mpata kumano, ndi kachizolowezi kotsokomola kawiri isananame. Telala yense, kungosowa tepi m'khosi.

"Bambo sawerenga mabuku," anadzilimbitsa mtima Kalekale. Zoona, sawerenga. Koma wailesi inayamba kuliwerenga bukulo Lamlungu lililonse masana, ndipo pofika sabata yachitatu msewu wonse unkatsokomola kawiri telala akamadutsa.

Mkuluyo anatulukira pakhomo pa kachipindako. Kalekale anayamba kulongedza katundu mumtima.

"Akamwini, nduna ija ndine?"

"Ayi bambo, ndi munthu wa zaka mazana atatu zapitazo."

"Ndi dazi langali?"

"Madazi ndi ambiri, bambo."

"Khalani chete! Zogulitsa mfumu ndilibe nazo mawu, inali mbuzi mfumu imeneyo. Koma mwandipha bwanji? Tsamba 40, kugwa pabulu! Ine, wosoka masuti zaka makumi anayi? Anzanga akumandipatsa moni polira ngati bulu."

"Koma munamwalira kale, bambo. Buku linasindikizidwa."

"Mundidzutse. Apo ayi, mukagone kwa mfumu yanuyo."

Kalekale anayang'ana mkazi wake kuti amuthandize.

"Mwawamva bambo," anatero mkaziyo akupinda zovala. "Ine sindingasamuke chifukwa cha bulu."

Anawadzutsa. Buku lachisanu ndi chimodzi linaulula kuti nduna inangokomoka. Lero ali pa buku lakhumi ndi chiwiri. Ndunayo ili ndi zaka zana limodzi ndi makumi anayi, yakwatira ana a mafumu asanu, yagonjetsa mitundu imene sinakhaleko n'komwe, ndipo tsamba lililonse limayamba lawerengedwa mokweza pakhonde kuti mwini wake avomereze.

Akatswiri a mbiri yakale akamuona Kalekale amawoloka msewu. Iye amangogwira thumba la malaya, kuona ngati kiyi wa kachipinda kaja akadalimo.