Ulusi Wofiira pa Jombo ya Mlendo

Achimwene anga amadzuka kusanayere bwino. Ndikamatseka Baibulo kuchipinda chakumbuyo, komwe ndakhala chimwalirireni amuna anga, ndimawamva akukoka bokosi lawo pansi pa bedi. Muli singano zopindika, phula, guluu, timipeni ndi ulusi wofiira. Wakuda ali nawo, koma saukonda. Amati mmisiri azidziwika ndi msoko wake. Tiyi amamwa ali chiimire, wina n'kumusiya pawindo, kenako awo apita pageti la bwalo la mpira, pomwe akhala akusoka jombo ndi mipira kuyambira ine ndisanakwatiwe. Dzina lawo anthu analiiwala. Onse amangoti a Msoki.

Kukhazikika sakudziwa. Akakhala, mwendo umangogwedera. Kutchalitchi amasankha kumapeto kwa benchi, pafupi ndi khomo, ndipo nyimbo yomaliza imawapeza ali panja.

Chaka chilichonse masukulu akatsekera, pabwalopo pamachitika mpikisano wa atsikana ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Mabasi amadzaza msewu. Ana osamvana chilankhulo amamenyana miyendo masana, madzulo n'kusinthana majezi, kulukana tsitsi, kuphunzitsana magule. Achimwene samva ngakhale liwu limodzi la alendowo, koma jombo yong'ambika sifuna womasulira.

Mpikisano womwewo ndi umene unawatengera mwana. Anali ndi mmodzi yekha, wamkazi, amene tinkamutcha Kamphepo chifukwa cha liwiro. Amayi ake atatisiya, anakulira pambali pa bokosi lija. Akamasewera, bambo ake ankaima kuseri kwa waya n'kumakuwa: "Dzutsa mutu, iwe! Pansipo wataya chiyani?"

Kochi wina wa kunja atamuona, anamuitana kuti akasewere kwawo uku akuphunzira. Achimwene anakana.

"Ukakwera basi imeneyo, usadzandipatsenso moni."

Anakwera. M'mawa wa tsiku la ulendo anapeza jombo zake pakhomo zitasokedwa bwinobwino, koma bambo ake atapita kale kugeti. Poyamba ankaimba pafoni yanga. Ndikawapatsa, iwo ankati, "Muuze ndili pantchito." Kenako nambala yake inasiya kugwira, zaka n'kumapita.

Kuyambira pamenepo, basi iliyonse ya alendo ikaima, amadzuka n'kuyang'ana otsika mpaka womaliza. Ndikawafunsa amati akuona makasitomala.

Chaka chapitacho, pa tsiku lachiwiri la mpikisano, ndinawapititsira chakudya chamasana. Ndili pomwepo panafika mtsikana wa timu ina ya kutali, wamtali, jombo imodzi m'manja, ina kuphazi. Analoza pomwe inatseguka. Achimwene anaitembenuza. M'mbali mwake munali msoko wakale wofiira, mfundo yake ili kunja, yowotchedwa ndi machesi.

"Chemwali, taona."

Ndinaona. Mlonda wa pageti, amene amacheza nawo tsiku lonse, anasuzumira n'kuseka.

"A Msoki, ndiye ulusi wofiira dziko lonse lapansi muli nawo nokha? Kunjako anthu amayenda ndi nsapato zomata ndi malovu?"

"Mfundo iyi ndi yanga."

"Aaa, mwayamba. Mawa mudzati mpira wa komweko munausoka ndinu."

Achimwene anamufunsa mtsikanayo kuti waitenga kuti. Iye anangomwetulira, kuloza dzuwa, kuloza bwalo, kusonyeza kuti nthawi yatha. Anamusokera, koma singano inawabaya kawiri, chinthu chimene sindinachionepo. Mtsikanayo atathamangira mkati, iwo anayamba kuyenda, kuchoka pabokosi kufika pawaya, kubwerera, kupitanso. Chakudya chinazizira.

Mpira utayamba, tinamva atsikana a pabenchi ya alendo aja akukuwira mnzawo amene anali ndi mpira. Lilime linali lachilendo, lolemera, koma mawuwo anali athu.

"Dzutsa mutu! Dzutsa mutu!"

Mlonda anasiya kuseka. Anatsegula geti. Achimwene analowa, bokosi n'kulisiya pamsewu ngati lilibe mwini. Ine ndinalinyamula n'kuwatsatira, ndikupemphera chamumtima.

Mpira utatha tinapempha dalaivala wa basi yawo, munthu wa kwathu konkuno amene ankamva pang'ono chilankhulo chawo, kuti atithandize. Anafunsa, atsikana n'kumayankha onse nthawi imodzi.

"Akuti ndi kochi wawo wa kusukulu," anatero dalaivala. "Wamfupi, koma akathamanga simungamugwire. Jombozo anamupatsa uyu pomwe ankayamba mpira. Akuti mawuwo amawakuwira tsiku lililonse, mpaka dera lonse linawaloweza."

"Nanga bwanji sanabwere?" ndinafunsa ndine.

"Ali ndi khanda."

Mtsikana uja anatulutsa foni n'kutionetsa chithunzi cha timu. Kumapeto kwa mzere kunali Kamphepo, mwana ali m'manja, chipumi cha khandalo chenicheni cha achimwene. Achimwene anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Wanenepa," anatero. Basi.

Dalaivala atawauza atsikanawo kuti awa ndi bambo ake a kochi, kunali chiphokoso. Anawazungulira, kuwagwira manja, wina kuwaveka jezi pamwamba pa malaya. Anajambulitsa nawo. Iwo anaima pakati ngati munthu woyembekeza jekeseni.

"Madala, basi ikunyamuka," anatero dalaivala. "Mtsikanayu akawauze chiyani a kochi kumeneko?"

Achimwene anayenda mpaka pagolo n'kubwerera. Ndinawakoka jezi ija.

"Achimwene, liwu limodzi lokha. Nenani kuti pepa. Mulungu wakutsegulirani khomo."

"Ndisiye, chemwali."

"Mukufuna mudzanene muli m'bokosi?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana phazi la mtsikanayo. Anagwada, kukanikiza chala kuchidendene cha jombo inayo ngati akuiyesa, ndipo ali chogwada chomwecho ndi pamene analankhula. Dalaivala anamasulira. Kaya anamasulira zonse, kaya anadula, sindidziwa. Mtsikanayo anagwedeza mutu movomera, ine n'kumupatsa dalaivala nambala yanga kuti ayiike mufoni yake.

Foni yanga sindiizimitsanso, ngakhale m'mapemphero a amayi. Ikalira, achimwene amatulukira pakhomo ngati akufuna machesi, n'kuima mpaka atamva kuti ndi mayi wa kwaya. Chaka chino timu ija sinabwere. Achimwene anayang'ana mabasi onse, wotsika womaliza atatsika n'kubwerera pabokosi. Mlonda masiku ano sawaseka za ulusi.

Tsiku lina ndikusesa kuchipinda kwawo, ndinapeza bokosi lili lotsegula. Mkati mwake, kuseri kwa guluu, munali kachikopa kofewa, kosadulidwa, kokulungidwa mu jezi ya alendo ija. Sindinawafunse. Ndikudziwa chimene kakudikira, chifukwa mawu amene ananena atagwada pa udzu paja ndinawamva ndekha:

"Akamuuze kuti kamwanako kakayamba kuthamanga, abwere nako ndidzakayeze phazi."